Tepi ya Mdatchi ndi Kakolo wa Mng'ono Wanga

Linali Loweruka lachitatu la mwezi wa Ogasiti, chaka cha 1995, nthawi itangopitirira 4 koloko masana. Ndinali pakhonde la nyumba imene tinkachita lendi ku Ndirande, wailesi yanga ya mabatire ili pamiyendo, waya wake nditaukoleka pamsomali wa denga kuti mawu a ku London amveke. Loweruka lililonse ndinkatero. Mowa sindimwa, bawo sindisewera. Changa chinali pulogalamu ya masewera. Tsikulo kunali mphepo ya fumbi, ndipo mawu ankabwera n'kuthawanso. M'kati mwa phokosolo ndinamva dzina limene m'nyumba mwathu linkatchulidwa kuposa la m'bale aliyense. Wolengeza anati wosewera kutsogolo wa ku Holland uja wasiya mpira sabata yomweyo, ali ndi zaka makumi atatu zokha. Kakolo wake wakanika kuchira.

Ndinachepetsa mawu a wailesi, ngakhale pakhondepo ndinali ndekha.

Ndinali ndi mng'ono wanga amene ndinkakhala naye. Bambo athu atamwalira ku Mulanje, mayi anamutumiza kwa ine kuti ndione chochita naye. Tinasiyana kubadwa kwambiri, moti ankandiopa ngati bambo ake. Sukulu analekezera Fomu 2. Ine ndinali kalaliki wa mu sitolo ya katundu pafakitale ina ku Makata, ndipo ndinayesa kumufunsira ntchito, koma zaka zimenezo makampani ankachotsa anthu, osati kulemba. Ankathandiza mnzake kugulitsa kaunjika mumsika, usiku n'kugona pamphasa pabalaza pathu. Chimene ankachitha ndi mpira. Anali wamtali, woonda, wosafulumira kuthamanga, koma mpira ukamupeza pafupi ndi golo goloboyi ankayamba kukalipira anzake usanamenyedwe n'komwe.

M'matimu a kwathu aliyense wodziwa mpira ankapatsidwa dzina la wosewera wa kunja. Mng'ono wanga anzake anamutcha Mdatchi, potengera wosewera wa ku Holland uja. Dzinalo linakula mpaka ana anga omwe ankati amalume a Mdatchi, ngakhale anali bambo awo aang'ono ndipo ndinawakonza kangapo.

Nthawi imeneyo dziko lathu linalibe wailesi ya kanema. Mpira wa ku Ulaya tinkauonera m'mavidiyo, tizipinda tamdima timene tinachuluka matipate atabwera. Ya kwathu inali kuseri kwa golosale pafupi ndi msika: mabenchi a matabwa, bulangete pakhomo, bolodi lolembedwa ndi choko panja. Mwini wake anali bambo wonenepa, wansangala, amene matepi ake ankabwera ndi madalaivala a malole ochokera ku Joni. Mwa matepiwo munali ina imene inkakondedwa kuposa za karate. Wina anajambulamo zigoli za Mdatchi weniweniyo motsatizana. Poyamba ali mnyamata mu timu ya kwawo. Kenako ali ku Italy, kumene anagulidwa ndi timu yolemera. Kwinaku atavala malaya a dziko lake, a mtundu wa lalanje. Tepiyo inalibe chaka, ndipo wolengeza ankalankhula chilankhulo chimene palibe ankachimva. Kwa anyamata a m'mabenchi aja, chilichonse chooneka pa sikirini chinali cha mwezi watha.

Ine ndinkadziwa zina chifukwa cha wailesi. Ndinamva pamene dziko lake linatenga chikho cha ku Ulaya, iye atamwetsa chigoli chimene anthu ankachikamba miyezi. Ndinamvanso pamene anapita ku mpikisano wa dziko lonse ndi kubwerako osagoletsa. Kenako nkhani zake zinasanduka za chipatala: opaleshoni, kubwerera m'bwalo, opaleshoni ina. Panapita zaka ziwiri asakusewera. Ndinkamuuza mng'ono wanga, iye n'kumati, "Abwerera ameneyo, achimwene." Sindinkamutsutsa kwambiri, poti a wailesi nawo ankati abwerera.

Kumapeto kwa Julaye chaka chimenecho, timu ya mng'ono wanga inakasewera ku Bangwe. Wotchinga kumbuyo wina anamuponda pakakolo wakumanja. Anabwera naye anzake awiri atamukoleka m'mapewa. Phazi linatupa ngati papaya. Pachipatala chaching'ono cha kwathu anamuuza kuti apite kuchipatala chachikulu akamujambule, koma sanapite. Ankaopa chikhakha. Ankadziwa kuti akamuika chikhakha ndiye kuti miyezi yapita, ndipo iye analibe miyezi.

Chifukwa chake chinali ichi. Lamulungu lotsatira Loweruka ndikunenali, timu yawo inali ndi masewero ku Chilomoni ndi timu ya kampani ina yaikulu. Kochi wa timu ya kampaniyo ankafuna wosewera kutsogolo mmodzi, ndipo anali atamuuza kale mng'ono wanga kuti adzamuyang'anitsitsa. Masiku amenewo ukatengedwa ndi timu ya kampani unkapatsidwanso ntchito m'fakitale. Kwa iye sunali mpira wokha ayi. Inali ovolosi, chitupa cha pageti, ndi kanyumba kakekake.

Ndili chikhalire ndi wailesi, mkazi wanga anatulukira kuseri ndi beseni la zovala. Ndiye ankamuthowa phazi m'mawa uliwonse ndi madzi otentha. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati kwagwa maliro. Ndinamufotokozera zimene ndinamva. Anatula beseni pansi.

"Ndiye ndikuuzeni, ngakhale anati ndisakuuzeni," anatero. "Mawa masana alamu akupita kwa adokotala a kumtunda aja."

Adokotala a kumtunda sanali dokotala. Anali bambo wina amene kale ankakolopa pachipatala china, ndipo ankabaya anthu jakisoni kunyumba kwake, singano akuwiritsa m'chitini.

"Akakatani?"

"Akuti ali ndi jakisoni woti akakubaya, phazi silimva kanthu mpaka madzulo. Ungaponde pamoto osadziwa."

"Nanga nsapato ikulowa?"

"Aing'amba m'mbali ndi lezala. Kaoneni pansi pa tebulo."

Ndinalowa m'nyumba. Nsapato yakumanja inalidi yong'ambidwa kuchokera pakamwa mpaka pafupi ndi chidendene, n'kusokedwa motayatayira ndi ulusi wa thumba. Ndinaibwezera pamalo pake, ndinavala jekete, ndi kupita ku vidiyo. Ndinkadziwa kuti ali kumeneko.

Sindinali munthu wolowa m'malo amenewo. Nditakankha bulangete, mwini wake anadabwa n'kukuwa kuti, "Akalaliki lero! Anyamata, sunthani, boma lafika!" Anandikhazika kumapeto kwa benchi. M'katimo munkanunkha thukuta ndi mtedza wokazinga. Maso atazolowera mdima, ndinamuona mng'ono wanga kutsogolo, phazi lake lomangidwa bandeji atalisanjika pakreti ya mabotolo.

Tepi inali yomwe ija. Inali itatha moti pansi pa sikirini pankayenda mizere yoyera. Inafika pa chigoli cha malaya a lalanje. Mpira unachokera kumanzere, m'mwamba kwambiri, n'kumatsikira kumbali kwa golo, malo amene munthu wanzeru akanaubweza kwa mnzake. Mdatchi anaumenya uli m'malere. Unadutsa pamwamba pa goloboyi n'kukagwera kona ya uko. Chipinda chonse chinaimirira ngati akuchiona koyamba.

"Bwezani! Bwezani, bwana!"

Mwini vidiyo anabweza. Anthu amene anali pa sikirini anathamanga chafutambuyo, mpira unatuluka m'golo n'kubwerera kuphazi. Unamenyedwanso. Unalowanso. Ine ndinkayang'ana phazi limene laumenyalo.

Kenako panabwera mbali imene mng'ono wanga ankaikonda. Ku Italy, wotchinga kumbuyo akumutchera kuchokera kumbuyo, iye n'kugwa atagwira kakolo. Munthu wa chikwama akuthamangira m'bwalo, kumupopera mankhwala. Iye n'kudzuka, kutsimphina pang'ono, ndipo posakhalitsa akugoletsa. Mng'ono wanga anatembenukira anzake n'kuloza sikirini.

"Mwaona? Amuna amatero!"

Pamenepo ndi pamene anandiona. Dzanja lake linatsika.

Magetsi a m'chipindamo atayatsidwa kuti tepi isinthidwe, ndinanena zimene ndinabwerera. Sindinakweze mawu. Ndinati munthu amene mukumuonayu wasiya mpira sabata ino, phazi lomwe mwaona akulipoperalo ndi limene lamuthetsa. Ndinati patha zaka ziwiri asanamenye mpira.

Wina anaseka.

"Akalaliki, mwamva kuti?"

"Pa wailesi."

"Aaa, wailesi! Imene yatinamiza zaka makumi atatu ija?"

"Osati ya kuno. Ya ku London."

"Ndiye basi, nsanje imeneyo! Angelezi chikho anachiona liti?"

Anaseka onse. Mnyamata wina wa chipewa anati, "Ife tamuona ndi maso, inu mwamumva ndi makutu. Wamkulu ndani, diso ndi khutu?" Ndinatembenukira mwini vidiyo, ndi kumufunsa kuti tepiyo anaipeza liti. Anakanda pamimba n'kumwetulira.

"Matepi anga onse ndi atsopano, akalaliki. Werengani pabolodi panjapo."

"Mwana wanu wamkulu uja anali kalasi yanji pamene inkabwera?"

"Inu, musandiwonongere bizinesi," anatero akuseka. Mng'ono wanga yekha ndiye sanaseke. Ankandidziwa kuti sindilankhula zimene sindinazimve bwino. Anatsitsa phazi pakreti mosamala, ndipo tinatuluka.

Dzuwa linali likulowa kuseri kwa phiri. Tinayenda pang'onopang'ono, chifukwa iye ankaponda ndi zala zokha. Njira ya kwathu inali ya miyala ndi ngalande. Pamalo ena ndinamupatsa phewa, anakana. Tinadutsa amayi ogulitsa tomato, ndipo mmodzi anakuwa kuti, "Mdatchi, mawa zingati?" Iye anakweza zala ziwiri osatembenuka.

Titafika pamene panalibe anthu, ndinati, "Ndamva za jakisoni."

"Alamu akuuzani."

"Kaya wandiuza ndani, zilibe ntchito. Ndi zoona?"

"Ndi zoona, achimwene."

"Mdatchi weniweni uja anali ndi madokotala a ku Ulaya konse. Anamung'amba, kumusoka, kumung'ambanso. Alephera. Iwe uli ndi munthu wowiritsa singano m'chitini."

"Iye anasewera zaka zambiri pamwendo woipa. Ine ndikungofuna tsiku limodzi."

"Ululu ndi umene ukukuuza kuti m'katimo muli chothyoka. Ukaupha, udzathamanga pachothyokacho mpaka chiphwanyike."

Anaima. Sanali munthu wondiyankha, koma tsikulo anayankha, maso ali pansi.

"Achimwene, iyeyo wasiya ali ndi nyumba, ali ndi magalimoto, dziko lonse likumudziwa mpaka ku Ndirande kuno. Ine ndikasiya ndili ndi chiyani? Mphasa ya pabalaza panu. M'mawa ndimadzuka msanga kuti ana anu asandipeze ndili gone. Alamu amandigawira sopo. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Mukufuna ndisunge mwendo kuti ndiziyenda nawo kupita kuti?"

 Zonse zimene ananena zinali zoona. Ndinangoti mwayi wina udzabwera, ndipo ndinamva ndekha kuti mawuwo alibe mphamvu.

"Unabwera kangati chibwerere ine kuno?" anafunsa.

Tinayendanso. Pafupi ndi nyumba ndinati ndikumuletsa. Iye anati, "Ndamva, achimwene." Ndinadziwa tanthauzo lake. Ndi mmene ankayankhira bambo athu akamuletsa kupita ku mpira, kenako n'kutulukira kudimba.

Madzulo amenewo tinadya osalankhulana. Ana anaona kuti zinthu sizili bwino, anadya msanga n'kuchoka. Atamaliza, mng'ono wanga anamasula bandeji kuti alamu ake amuthowe. Ndinabweretsa nyali pafupi. Panali patapita masabata, koma kutupa kunali kusanathe, ndipo pansi pa fupa panali pakuda. Ndinadina ndi chala pang'ono chabe. Analuma mano, thukuta linatuluka pamphumi, koma sanalire. Anandiyang'ana ngati akundiuza kuti mwaona, ndikupirira.

Ndinaganiza njira zonse. Kubisa nsapato kunalibe phindu, akanabwereka kwa mnzake. Kupita kwa adokotala a kumtunda kukawaopseza kunalibenso phindu, poti oterowo ku Ndirande sanali amodzi. Kutumiza uthenga kwa mayi ku Mulanje kukanatenga masiku. Panatsala njira imodzi, ndipo sindinaikonde. Kwathu munthu sapita kukaulula chilema cha m'bale wake kwa amene akufuna kumulemba ntchito. Ndi chinthu chimene achibale amakukumbutsa mpaka pamaliro.

Mkazi wanga anaona kuti ndaganiza kanthu. Tili awiri anati, "Mukamuchotsera zimenezi, mudzamupatsa chiyani?"

Ndinati sindikudziwa.

"Nanga akachita bwino mawa? Akagoletsa zigoli, n'kutengedwa?"

Ndinati n'zotheka. Ndinati mwina jakisoniyo agwira, mwina phazi lipirira, mwina ndikuopa zinthu za pa wailesi. Koma akatengedwa adzafunika kusewera Loweruka lotsatira, ndi linalo, ndipo jakisoni adzakhala wa sabata iliyonse. Tepi ija imaonetsa munthu akudzuka n'kugoletsa, basi. Siionetsa zimene zinatsatira. Ine ndinali nditazimva, chaka ndi chaka, pakhonde langa.

Ndikulemba izi patapita zaka zambiri. Mng'ono wanga ali ndi banja lake ku Machinjiri, amawotcherera zitseko ndi mawindo, ndipo amayenda ndi miyendo yake iwiri osatsimphina. Timayenderana, timakhala limodzi pamaliro ndi paukwati. Koma m'nyumba mwake muli kanema wamkulu, ndipo mpira ukayamba ine ndilipo, amadzuka n'kupita panja. Za m'mawa wa Lamulungu lija sitinakambiranepo. Sindikudziwa ngati akanakhala wopunduka kapena wotchuka. Palibe amene angandiuze.

M'mawa wa Lamulungulo ndinadzuka kusanache bwino. Ndinavala zovala za kutchalitchi, kuti aliyense wondiona asafunse. Pabalaza mng'ono wanga anali m'tulo, phazi atalisanjika pampando. Ndinamulambalala, ndinatsegula chitseko mosamala.

Minibasi za Lamulungu zinali zisanayambe kuyenda, choncho ndinayenda wapansi mpaka m'tauni, kumene ndinapeza ya ku Chilomoni. Kochi uja ndinkamudziwa nkhope yokha. Anali kapitawo pafakitale yawo, ndipo tinkakumana pamsewu wa ku Makata. Ndinafunsa kwa ogulitsa mandasi, anandilozera nyumba ya mpanda wa maluwa. Ndinamupeza panja akutsuka m'kamwa, atavala vesiti. Ndinadzitchula kuti ndine mkulu wake wa mnyamata amene amamutcha Mdatchi.

"Ehe! Mwabwera kudzamupemphera?" anatero akuseka. "Musavutike, bambo. Mwana ameneyo sasowa womulankhulira. Ndinamuona ku Zingwangwa, ndinalota naye."

Ndinati sindinabwerere zimenezo. Ndinamufotokozera za ku Bangwe, za chikhakha chimene anachithawa, za nsapato yong'ambidwa, ndi za jakisoni. Kuseka kunatha. Anathira pansi madzi amene anatsala m'kapu.

"Mwiniwake akudziwa kuti mwabwera?"

"Ayi."

"Mukudziwa kuti malo ndi amodzi? Akuluakulu andiuza kuti nditseke nkhaniyi lero. Pali mnyamata wina wa ku Nancholi. Sindingadikire phazi."

"Ndikudziwa."



"Inuyo ndi m'bale wake weniweni? Mimba imodzi?"

"Mimba imodzi."

"Chabwino. Kamuuzeni asabwere. Akabwera ndidzamuvula bandejiyo pamaso pa anthu, ndipo sindikufuna kumuchititsa manyazi. Akachira adzandione, koma sindikulonjeza kanthu."

Ndinathokoza. Anandiperekeza mpaka pampanda.

Ndikanatha kupitirira ku tchalitchi, n'kusiya kuti akazimvere ku bwalo kwa anthu ena. Ndinakwera minibasi yobwerera ku Ndirande. Nditafika, ndinamupeza pakhonde, pamalo pamene ndinkakhala ndi wailesi, akupaka polishi nsapato yong'ambidwa ija. Anandiona ndi zovala za kutchalitchi n'kufunsa ngati mapemphero atha msanga. Ndinakoka mpando, ndinakhala moyang'anizana naye, ndipo ndinamuuza kumene ndinapita.